Kenora Thistles: katauni kamene kanalera akatswiri koma kanakanika kuwasunga

Pa 21 Januwale 1907, mumzinda wa Montreal ku Canada, timu yochokera m'katauni ka macheka a matabwa ndi zigayo za tirigu inagonjetsa Montreal Wanderers ndi zigoli 8 kwa 6 n'kunyamula chikho cha Stanley, chimene mpaka lero ndicho chikho chachikulu koposa pa masewera a hockey ya pa madzi oundana. Katauniko ndi Kenora, kumalire a kumadzulo kwa chigawo cha Ontario, ndipo timuyo ndi Kenora Thistles. Kalembera wa 1901 anapezako anthu ongopitirira pang'ono 5,000, pamene Montreal inali ndi anthu oposa 250,000. Palibe tauni ina yaing'ono chotere imene inatengapo chikhochi. Koma ufumu wawo unali wa miyezi iwiri yokha. Pofika pa 25 Malichi chaka chomwecho chikho chinali chitabwerera ku Montreal, ndipo mu 1908 timuyo inali itatha.

Ku Canada nkhaniyi imakonda kukambidwa ngati nthano ya ana akumudzi amene anachititsa manyazi zimphona za mumzinda. Si zabodza, koma ikakambidwa choncho imabisa chenicheni. Kenora sinapambane mwamwayi. M'malamulo a masewerawo, m'nyengo ya kumeneko ndi m'kayendetsedwe ka chikho munali zinthu zimene kwa zaka pafupifupi khumi zinatsegulira katauni khomo, ndipo zinthu zomwezo n'zimene zinadzakagwetsa ndalama zitalowa m'masewera.

Poyamba tauniyi inkatchedwa Rat Portage. Ili kumpoto kwa nyanja ya Lake of the Woods, nyanja ya zilumba zoposa 14,000, pamalo pamene madzi ake amatulukira kulowa mumtsinje wa Winnipeg. Eni nthaka ndi anthu a mtundu wa Ojibwe, ndipo azungu oyamba kukhazikika anali a kampani ya Hudson's Bay amene ankagula zikopa za nyama. Chimene chinasandutsa malowa tauni ndi njanji ya Canadian Pacific, imene inamalizidwa mu 1885. Njanji itadutsa, mitengo ya m'nkhalango inapeza msika, macheka anamangidwa m'mphepete mwa nyanja, tirigu wa ku Manitoba anayamba kugayidwa pa Keewatin pafupi pomwepo chifukwa madzi othamanga ankayendetsa zigayo, ndipo m'ma 1890 anthu anakhamukira kumeneko kukakumba golide. Ndalama zinalipo m'tauni, ngakhale zinali m'manja mwa ochepa.

Malowa anali okanganirana. Ontario inkati ndi ake, Manitoba inkatinso ndi ake, moti mu 1883 m'tauni imodzi munali apolisi a zigawo ziwiri amene ankamangana okhaokha. Khoti la ku London linagamula mokomera Ontario mu 1884, koma chigamulo sichinafupikitse mtunda. Winnipeg, likulu la Manitoba, ili makilomita pafupifupi 200 kumadzulo, pamene Ottawa ndi Montreal zili makilomita pafupifupi 2,000 kum'mawa. Choncho pa nkhani ya masewera Rat Portage inali ya Manitoba, ndipo timu yake inasewera m'maligi a Manitoba moyo wake wonse. Zimenezi zinaipindulira. Mu Febuluwale 1896 timu ya Winnipeg Victorias inakwera sitima mpaka ku Montreal n'kukalanda chikho cha Stanley ndi zigoli 2 kwa 0, anthu kwawo akumvera zotsatira pa telegalafu. Ana a ku Rat Portage anakula akudziwa kuti timu ya kumadzulo ikhoza kupita kum'mawa n'kubwerako ndi chikho, chifukwa anansi awo anali atachita kale.

Hockey imene ambiri a ife timaidziwa ndi ya pa kapinga. Ya pa madzi oundana imaseweredwa munthu atavala nsapato zokhala ndi chitsulo chopyapyala kunsi, chimene amatsetserekera nacho pa ayezi, ndipo m'malo mwa mpira pamakhala puck, kachidutswa kolimba ka labala, kozungulira koma kaphwatalala, kokwana m'dzanja. Masewera oyamba okonzedwa bwino a m'nyumba anachitika ku Montreal pa 3 Malichi 1875. M'nthawi ya Thistles mbali iliyonse inkakhala ndi osewera 7: goloboyi, otchinga kumbuyo awiri oima wina kutsogolo kwa mnzake, akutsogolo atatu, ndi mmodzi woyendayenda bwalo lonse amene ankamutcha rover. Ankasewera zigawo ziwiri za mphindi 30. Kupatsira puck mnzako amene ali kutsogolo kwako kunali koletsedwa, monga zilili pa rugby. Goloboyi sankaloledwa kugwada kapena kudzigwetsa pansi potchinga. Ndipo panalibe zosinthana osewera: amene wayamba ndi yemweyo amalize, pokhapokha atavulala.

Lamulo lomalizali ndi limene likufotokoza theka la nkhani ya Kenora. Ngati masewera safuna osewera apabenchi, timu ya anthu 7 kapena 8 aluso ndi yokwanira kulimbana ndi aliyense padziko. Katauni ka anthu 5,000 sikangabale akatswiri 20 nthawi imodzi, koma kakhoza kubala 7 pa m'badwo umodzi zinthu zikakhala bwino. Onjezanipo nyengo. Mabwalo a nthawi imeneyo analibe makina oumitsira madzi, ankangodikira chisanu. Ku Rat Portage chisanu chimabwera msanga n'kuchedwa kuchoka, kuzizira kumatsika mpaka madigiri 30 kunsi kwa ziro, ndipo nyanja yonse imasanduka bwalo laulere pakhomo penipeni pa tauni. Mwana wa kumeneko ankakhala pa ayezi wolimba masabata ambiri pachaka kuposa mnzake wa ku Toronto.

Theka linalo ndi mmene chikho chinkapikisanidwira. Lord Stanley wa ku Preston, amene anali bwanamkubwa wa Canada, anapereka mbale yasiliva mu 1892 kuti izikhala ya timu yopambana m'dziko lonse, ndipo oyamba kuilandira anali Montreal Hockey Club mu 1893. Chikhochi sichinali cha ligi imodzi. Chinkayang'aniridwa ndi matrasti awiri, anthu osankhidwa kuti azichiyendetsa, ndipo timu yopambana mu ligi iliyonse yodziwika inkatha kuwalembera kalata yopempha kukumana ndi amene akuchisunga. Akavomera, opemphawo ankakwera sitima kupita kwawo kwa eni chikho. Ena ankapita kukangochita manyazi. Mu Januwale 1905 timu ya ku Dawson City inayenda masabata angapo wapansi, pa njinga, pa sitima yapamadzi ndi yapamtunda kufika ku Ottawa, n'kukakwapulidwa 23 kwa 2 pa masewera achiwiri. Komabe khomo linali lotseguka, ndipo palibe amene ankafunsa kukula kwa tauni yako.

Masewera oyamba a hockey olembedwa m'mbiri ya Rat Portage anachitika mu Febuluwale 1893, ndipo kalabu inakhazikitsidwa mu 1894. Dzina analipeza pochititsa mpikisano, umene anapambana ndi kalipentala wina wa makolo a ku Scotland, Bill Dunsmore. Iye anasankha Thistles, chomera chaminga chimene ndi chizindikiro cha Scotland. Ndalama zoyambira anapereka ndi George Dewey, mmodzi mwa anthu olemera m'tauni. Kalabuyi inalibe mwini. Inkayendetsedwa ndi komiti, amalonda a m'tauni ankasonkha, ndipo zotsala zinkachokera pa ndalama zapakhomo.

Osewera sankalipidwa, ndipo pamenepa m'pamene nthano ija imayamba kusiyana ndi zoona zake. Ambiri mwa osewera oyambirira anali ochokera m'mabanja opeza bwino. Sizikanatheka mwina. Munthu wogwira ntchito pa macheka, wolandira malinga ndi masiku amene wagwira, sakanatha kusiya ntchito masiku awiri kapena atatu kukasewera ku Winnipeg, kudzigulira yekha nsapato ndi ndodo, n'kubwerera wovulala popanda womulipira. Lamulo loletsa kulandira ndalama pa masewera, limene linachokera ku England, linkaoneka laulemu, koma ntchito yake yeniyeni inali kusefa anthu. Wosewera amene wapezeka kuti walandira ndalama ankaletsedwa masewera onse a osalipidwa, ndipo amene ankapwetekeka ndi lamuloli anali amene ndalamazo ankazisowadi.

Chimene chinasintha timuyi chinachitika mu Januwale 1896. Anyamata a zaka 12 mpaka 16, ambiri a iwo abale ndi ana a osewera a timu yaikulu, anaitana akuluakulu awo kuti akumane pabwalo. Ana amenewa anali atakulira pa nyanja youma ija akusewera shinny, hockey ya ana yopanda oyimbira, yopanda mizere, yopanda chiwerengero cha osewera, yofanana ndi mpira wachikulunga umene ana athu amamenya padambo mpaka mdima utagwa. Pa shinny palibe wokupatsira puck mwaulemu. Ukaipeza uyenera kuisunga pakati pa ana khumi amene akukuthamangitsa, ndipo ukachedwa kutembenuka yapita. Anawo anapambana, ndipo sanapambane mwapang'ono. Mmodzi mwa akuluakulu amene anasewera tsikulo anadzauza nyuzipepala patapita zaka zoposa 50 kuti vuto linali limodzi lokha, anawo anali aliwiro kwambiri.

Kumeneko amakamba kuti akuluakuluwo anapachika nsapato tsiku lomwelo n'kusiyira ana timu. Zoona zake n'zakuti kusinthako kunatenga zaka zingapo, anyamatawo akulowa m'timu yaikulu mmodzimmodzi. Koma m'badwo umenewo ndi umene unadzatenga chikho patapita zaka 11. M'gululi munali Tommy Phillips ndi Tom Hooper, onse obadwira ku Rat Portage mu 1883, Billy McGimsie wobadwa mu 1880, ndi Roxy Beaudro. Si Griffis, wobadwira ku Kansas m'dziko la America, mnyamata wamtali ndi wamphamvu koma waliwiro, anasamukira m'tauniyi n'kudzakhala mzati wa kumbuyo. Anthu amenewa anasewera limodzi kuyambira ali ana mpaka atamera ndevu, ndipo phindu la zimenezi silochepa pa masewera amene kupatsira kutsogolo n'koletsedwa. Kuti upatsire chammbali kapena chambuyo uli pa liwiro lalikulu uyenera kudziwa pamene mnzako ali osayang'ana. Luso limeneli siligulidwa nyengo imodzi.

Kwa zaka zingapo Thistles inasewera mu ligi yachiwiri ya Manitoba, mpaka inafika poti matimu a mu ligiyo sankailimbanso. Itapempha kulowa mu ligi yaikulu, matimu a ku Winnipeg anazengereza kuilandira. Mu 1902 inagwirizana ndi matauni ena ang'onoang'ono, Brandon ndi Portage la Prairie, m'ligi yaikulu yawoyawo. Inapambana nyengo yoyamba yomweyo, ndipo matrasti anavomera pempho lake lokapikisana nawo pa chikho cha Stanley.

Ulendo woyamba, mu Malichi 1903, unali sukulu. Chikho chinali chitangotengedwa kumene ndi Ottawa, timu imene inadzatchuka ndi dzina loti Silver Seven, ya amuna ojintcha, odziwa kugwiritsa ntchito thupi ndi ndodo mpaka pamalire a zololedwa. Anyamata a ku Rat Portage anafika opanda Phillips, amene anali atapita kukaphunzira pa yunivesite ya McGill ku Montreal. Kunja kunali kutayamba kufunda, ayezi anali wofewa, ndipo liwiro limene ankadalira linathera m'madzi. Anagonja 6 kwa 2 ndi 4 kwa 2. Oonerera anali ochepa, moti ulendowo unadya ndalama za kalabu m'malo mobweretsa.

Phillips anabwerera kwawo mu 1904 atasewerera Montreal Hockey Club ndi Toronto Marlboros, ndipo naye anabwera goloboyi wa Marlboros, Eddie Giroux. Anthu a nthawi imeneyo ankamuika Phillips m'gulu la osewera awiri kapena atatu abwino koposa ku Canada. Anali wa kuphiko, wa shoti yoopsa, koma chimene ankasiyana ndi anzake n'chakuti timu yake ikataya puck iye ankabwerera pa liwiro lomwelo kukailanda, chinthu chimene akutsogolo ambiri sankachilabadira. Atakhala kaputeni, kasewero ka timu kanakhwima. Matimu ambiri ankati puck ikafika kwa otchinga kumbuyo, iwo ankangoinyamula ndi ndodo n'kuiponyera m'mwamba kutsidya, akutsogolo n'kumaithamangira. Thistles inkakana kutaya puck chotero. Otchinga ake ankaima moyandikana, wina kumanja wina kumanzere, ndipo Griffis ankatha kunyamuka nayo puck yekha kuchokera kumbuyo, anzake akumuperekeza m'mbali mokonzeka kulandira.

Mu Malichi 1905 anabwereranso ku Ottawa, ndipo masewera atatu amenewo ndi amene ine ndimawaona ngati pachimake penipeni pa timuyi, kuposa ngakhale chikho cha 1907, chifukwa apa panalibe wosewera wobwerekedwa kwa masabata awiri. Anafika ndi nsapato za mtundu watsopano, za chitsulo chopyapyala kwambiri chogwidwa ndi kapaipi kopepuka, zimene pa ayezi wolimba zinkauluka. Pa masewera oyamba, pa 7 Malichi, Ottawa inalibe katswiri wake Frank McGee amene anali wovulala, ndipo Rat Portage inaithambitsa 9 kwa 3, Phillips akumwetsa zigoli 5. Anthu a ku Ottawa anangoti kukamwa yasa. Timu yawo inali isanachitidwepo zotere pakhomo pake.

Pa masewera achiwiri, alendo anapeza bwalo litathiridwa madzi patangotsala nthawi yochepa kuti ayambe, madziwo asanaume bwino. Zitsulo zopyapyala zija zinkamira mu ayezi wofewa, pamene zitsulo zokhuthala za Ottawa zinkayenda bwinobwino. A ku Rat Portage anati zachitika mwadala, ndipo kunamveka mphekesera zoti ena anathirapo mchere. Eni bwalo anali ndi zifukwa zawo, koma amene anapindula anali kudziwika. McGee anabwerera, ndipo Ottawa inapambana 4 kwa 2. Masewera achitatu, pa 11 Malichi, anali nkhondo yeniyeni. Phillips anamwetsa zitatu, McGee naye zitatu, ndipo chomaliza cha McGee chakumapeto ndicho chinapatsa Ottawa chipambano cha 5 kwa 4. Tikaphatikiza masewera onse atatu, alendo anamwetsa 15 ndipo eni chikho 12, koma mgwirizano unali wakuti wopambana masewera awiri ndiye watenga.

Chaka chomwecho tauni inasintha dzina kukhala Kenora, polumikiza mayambiriro a mayina a madera oyandikana a Keewatin, Norman ndi Rat Portage. Mu 1906 timu inapambananso ligi ya Manitoba, koma nyengo inatha mochedwa, ayezi atayamba kusungunuka, ndiye mpikisano wa chikho unasunthidwira ku Januwale wotsatira. M'miyezi yodikirayo chikho chinachoka ku Ottawa kupita kwa Montreal Wanderers, ndipo masewera enieniwo anasintha nkhope.

Kuyambira 1904 kunali ligi yolipira osewera poyera, ya matauni a migodi ya kopa ku Michigan monga Houghton ndi Calumet, kuphatikizapo Pittsburgh ndi matauni awiri a Sault Ste. Marie. Osewera ake ambiri anali a ku Canada. Matimu a ku Canada, poopa kutha, anayamba kulipira mwamseri: wosewera ankapatsidwa ntchito ya dzina lokha m'kampani ya wokonda timu, kapena envulopu m'chipinda chovalira. Kumapeto kwa 1906 ligi yaikulu ya kum'mawa inasiya kudzinamiza n'kulola olipidwa kusewera limodzi ndi osalipidwa, ndipo ligi ya Manitoba inatsata njira yomweyo. Choncho Thistles imene inakwera sitima mu Januwale 1907 sinalinso timu ya osalipidwa ngati ya 1896. Mtima wake unali anyamata omwe aja, koma m'sitimamo munalinso aganyu awiri obwerekedwa ku Brandon, Art Ross ndi Joe Hall. Ross akuti analandira madola 1,000 pa masewera awiri, ndalama zoposa zimene antchito ambiri ankalandira chaka chathunthu. Hall sanalowe n'komwe m'bwalo.

Wanderers sinali timu yopeputsa. Inali ndi Lester Patrick, Hod Stuart, Ernie Russell ndi goloboyi Riley Hern, ndipo nyengo imeneyo inapambana masewera ake onse 10 a mu ligi. Mpikisano unali wa masewera awiri, wopambana ndi amene zigoli zake zachuluka zikaphatikizidwa. Ulendo uno kunali pakati pa chisanu, ndipo ayezi wa mu Montreal Arena anali wouma gwa. Kenora inaika Giroux pagolo, Ross ndi Griffis kumbuyo, Hooper ngati rover, McGimsie pakati, Beaudro ndi Phillips kumapiko. Pa 17 Januwale inapambana 4 kwa 2, zigoli zonse zinayi akumwetsa ndi Phillips. Pa 21 Januwale inatsogola 6 kwa 2, ndipo chikho chinkaoneka kuti chalowa kale m'chikwama. Kenako miyendo inayamba kulemera, poti anthu ake anali omwewo kuyambira mphindi yoyamba, ndipo Wanderers inabweza chimodzi ndi chimodzi mpaka 6 kwa 6, bwalo lonse likuchita phokoso. Chakumapeto Beaudro anamwetsa cha 7, Hooper n'kutseka ndi cha 8. Zonse pamodzi 12 kwa 8. Mawu osimba chipambanochi anazokotedwa m'kati mwa mbale yeniyeniyo ya chikho.

Mavuto anayamba asanafike n'kwawo komwe. Ulendo wa ku Montreal unali wodula, ndiye pobwerera anasewera masewera apaubale m'mizinda ya kum'mawa kuti apezeko ndalama zapakhomo. Pa masewera ena oterewa ku Ottawa, McGimsie anavulala phewa, ndipo sanasewerenso hockey yapamwamba. Ross anabwerera ku Brandon, timu imene Kenora inkalimbirana nayo ligi. Lamulo lija losasinthana osewera, limene linapatsa katauni mwayi, linaonetsa mbali yake ina. Timu ya anthu 7 ikataya awiri ilibe kotenga ena. Montreal ikanatha kuyang'ana m'matimu ena a mumzinda womwewo. Kenora inalibe gulu lachiwiri la anyamata ngati a 1896, chifukwa m'badwo wotere subwera kawirikawiri.

Komiti inachita zimene inatha: inagula. Inatenga Fred Whitcroft wa ku Peterborough, ndipo nyengo ya kum'mawa itatha inatenga Alf Smith ndi Harry Westwick, osewera a Ottawa yomwe ija imene inawaliza mu 1905. Ndi aganyu amenewa Kenora inagonjetsa Brandon 8 kwa 6 ndi 4 kwa 1 pakati pa Malichi, n'kusunga ligi ndi chikho. Wanderers, imene inali itapempha kale kubwezera, inadandaula kuti Smith ndi Westwick si osewera a Kenora. William Foran, amene ankagwirizira udindo wa trasti, anagamula kuti awiriwo asasewere. A Kenora anapsa mtima, nati nanga Stuart ndi Hern, amene anachokera ku ligi yolipira ya ku America ija, iwo ndi ana a ku Montreal? Imakambidwa nkhani yoti mkulu wina wa kalabu anaopseza kuti aponya chikho mu Lake of the Woods. Kaya anayankhuladi choncho kaya ayi, mkwiyo unalipo.

Panalinso mkangano wa bwalo, ndipo uwu ndi umene ukuonetsa poyera pamene Kenora inkaperewera. Mwambo unali wakuti eni chikho ndiwo amalandira alendo. Koma bwalo la Kenora, Victoria Rink, linkalowa anthu pafupifupi 1,000, pamene Montreal Arena inali ndi mipando yoposa 4,000. Masewera a olipidwa amayenda ndi ndalama zapakhomo, ndipo Wanderers sinafune kuyenda makilomita 2,000 kukagawana ndalama za bwalo laling'ono chotero. Matimu awiriwo anamvana okha, mosalabadira chigamulo cha Foran: Smith ndi Westwick asewere, koma masewera achitikire ku Winnipeg. Choncho Kenora, ili ndi chikho m'manja, sinachitetezepo kwa Wanderers pamaso pa anthu ake. Pa 23 Malichi Wanderers inapambana 7 kwa 2. Pa 25 Malichi Kenora inapambana 6 kwa 5, koma dzenje linali lakuya kale. Zonse pamodzi 12 kwa 8, ulendo uno mokomera Montreal.

Sindikuona chifukwa chodzudzulira komiti ya Kenora pa nkhani ya aganyu. Ena amati ikanangodalira ana a pakhomo n'kugonja mwaulemu, koma amene amanena zimenezi amaiwala kuti aliyense anali akugula, ndipo timu yosagula inali yongoyembekezera kukwapulidwa. Cholakwika sichinali kugula. Vuto linali lakuti pa msika umenewu Kenora inali ndi osewera ogulitsa koma inalibe thumba logulira kwa nthawi yaitali. Golide anali atachepa, chuma cha America ndi Canada chinagwedezeka mu 1907, ndipo anyamata aja tsopano anali amuna a zaka zoposa 20 ofuna kumanga mabanja, amene matimu a m'mizinda ankawaitana ndi malipiro amene tauni yawo sikanakwanitsa. Phillips anapita ku Ottawa. Hooper anakathera ku Montreal, komwe Ross naye analowa Wanderers. Griffis anasamukira kumadzulo, ndipo mu 1915 anadzakhala kaputeni wa Vancouver Millionaires pamene inatenga chikho. Nyengo ya 1907 mpaka 1908 Thistles inasewera masewera amodzi okha a mu ligi, inagonja moipa, n'kutuluka.

Katauni kena kanayesa njira ina. Mu 1909 banja la O'Brien, lolemera ndi migodi ya siliva, linathira ndalama m'timu ya Renfrew ku Ontario, n'kugula Lester Patrick, mng'ono wake Frank, ndi Cyclone Taylor amene akuti anapatsidwa madola 5,250 pa nyengo imodzi. Chikho sanachione, ndipo patapita nyengo ziwiri timuyo inatuluka mu ligi chifukwa ndalama zapakhomo sizinkabweza zimene zinkalowa.

Makomo amene Kenora inalowera anatsekeka motsatizana. Chikho cha Stanley chitakhala cha olipidwa, Sir Montagu Allan anapereka chikho china, Allan Cup, cha matimu osalipidwa, ndipo chinayamba kupikisanidwa mu 1909. Mu 1910 masewera anagawidwa m'zigawo zitatu za mphindi 20, mu 1911 ligi ya kum'mawa inachotsa rover, ndipo kusinthana osewera kunayamba kuloledwa, moti timu inayamba kufuna benchi yodzaza. Mabwalo oumitsa madzi ndi makina anatsegulidwa ku Vancouver ndi Victoria mu 1911 ndi ku Toronto mu 1912, ndipo chisanu cha ku Lake of the Woods chinasiya kukhala chuma chapadera. Dongosolo lolembera matrasti kalata linafa isanafike 1915, ndipo kuyambira 1927 chikhochi chimapikisanidwa ndi matimu a NHL okha, ligi yaikulu ya olipidwa ya ku Canada ndi America.

Tommy Phillips anamwalira mu 1923 ali ndi zaka 40, magazi ake atalowa poizoni atazulidwa dzino. Mu 1945 anali m'gulu loyamba la osewera olemekezedwa mu Hockey Hall of Fame, nyumba yaulemu yokumbukira akatswiri a hockey, ndipo Griffis, Hooper ndi McGimsie anamutsatira. Mwa osewera 9 amene anavalapo yunifolomu ya Thistles n'kulowa m'nyumba yaulemuyo, anayi amenewa ndiwo anakulira m'tauniyo, ndipo asanu enawo ndi aganyu a 1907. Dzina la Thistles linadzagwiritsidwanso ntchito ndi matimu ena a ku Kenora, makamaka a achinyamata, gawo limene tauni yaing'ono inkathabe kulimbana ndi mizinda chifukwa osewera ake amakhala asanafike msinkhu wogulidwa. Mu 1940 timu ya achinyamata ya Kenora Thistles inafika mu ndime yomaliza ya Memorial Cup, chikho cha achinyamata cha dziko lonse la Canada, ndipo inagonja kwa Oshawa Generals masewera atatu kwa amodzi.